Musapale siling'i ya Artex musanaiyezetse: malangizo kwa ofuna kuipulasitala

Nyumba zambiri zimene anzathu akugula ku Britain, kaya ndi ku Leicester, ku Manchester, ku Nottingham kapena ku Glasgow, ndi zakale. Mukalowa pabalaza n'kukweza maso, mumapeza siling'i yokhakhala, ina ya timinga, ina ya mizere yozungulirazungulira, ina yooneka kuti anadutsitsapo chipeso. Kumeneko amangoti Artex, potengera dzina la katundu amene anatchuka kwambiri pa ntchitoyi m'zaka za m'ma 1970. Masiku ano anthu sakuifunanso. Aliyense akufuna siling'i yosalala, ndipo njira yachidule ndi kumatapo pulasitala pamwamba pake.

Kumata pulasitalako kulibe vuto. Vuto lili pa chimene anthu ambiri, ngakhale amisiri ena, amachita asanayambe kumata: amatenga chopalira n'kugwetsa timinga tonse kuti pakhale pafulati, ena amadutsitsa ndi sandipepa yemwe. Ngati siling'iyo ili ndi asibesitosi, ola limodzi lopalalo ndi limene limadzaza chipinda ndi fumbi losayenera kulowa m'mapapo a munthu. Malangizo onsewa atsamira pa mfundo imeneyi.

Chimene chili m'siling'imo

Mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1980, Artex ankasakaniza ndi asibesitosi woyera, wotchedwa chrysotile, kuti akhale wolimba. Ndi mtundu womwewo umene unkakumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava ku Zimbabwe, umenenso uli m'malata otuwa aja a simenti amene timawaona pa nyumba zakale za boma kwathu. Mu Artex amakhalamo wochepa, kawirikawiri osafika magawo 5 pa 100 alionse. Dziko la Britain linaletsa asibesitosi wabuluu ndi wabulawuni mu 1985, koma woyerayu anadzaletsedwa mu 1999. N'chifukwa chake bungwe loona za chitetezo pa ntchito la HSE limati nyumba iliyonse yomangidwa kapena kukonzedwa chisanafike chaka cha 2000 ikhoza kukhala naye. Musadalire kuti siling'i yanu anaipaka mu 1990, ndiye kuti ndi yabwino. Panali makampani enanso opanga katundu wofanana, ndipo matumba akale ankatha kukhala m'galaja ya mmisiri kwa zaka asanawagwiritse ntchito.

Tiulusi ta asibesitosi sitioneka ndi maso ndipo sitinunkha. Tikalowa m'mapapo timakhazikika, ndipo matenda ake amadzaoneka patapita zaka 20, 30 ngakhale 40: khansa ya m'mapapo, zipsera za m'mapapo zobanikitsa munthu, ndi mesothelioma, khansa ya kachikopa kokuta mapapo imene ilibe mankhwala ochiziratu. Ku Britain anthu pafupifupi 5,000 amamwalira chaka chilichonse ndi matenda obwera ndi asibesitosi, kuposa amene amafa pa ngozi za pamsewu. Ambiri mwa iwo ndi amisiri: akalipentala, okonza mapaipi, amagetsi. Alipo ndi amayi amene anadwala chifukwa chokutumula ndi kuchapa maovololo a amuna awo.

Komabe musachite mantha mpaka kusamuka m'chipinda. Mu Artex tiulusito tinagwirana ndi zomatira zake, pamwamba n'kupakanso penti. Siling'i yomwe sinasweke, imene palibe akuikanda kapena kuiboola, siitulutsa fumbi. Pa zinthu zonse zokhala ndi asibesitosi, Artex ali m'gulu la zoopsa pang'ono. Amasanduka woopsa munthu akamupala ali wouma.

Yambani ndi funso ili: nyumbayo ndi ya yani?

Ngati mukuchita lendi, kaya kwa munthu, kukhonsolo kapena ku bungwe la nyumba, musakhudze siling'i popanda chilolezo cholembedwa. Funsaninso ngati ali ndi lipoti la asibesitosi la nyumbayo. Makhonsolo ndi mabungwe a nyumba nthawi zambiri amakhala nalo. Ngati nyumbayo ndi yanu, yang'anani m'mapepala amene munalandira pogula.

Kuyezetsa

Palibe munthu, ngakhale wa zaka 40 pa ntchito, amene angadziwe poyang'ana chabe kuti Artex uyu ali ndi asibesitosi kapena ayi. Mmisiri akayang'ana kumwamba n'kunena kuti uyu ndi watsopano, alibe vuto, muzimukayikira pa zina zonse zimene anganene. Yankho limachokera kulabotale, ndipo labotaleyo ikhale yovomerezedwa ndi UKAS, bungwe lovomereza malabotale ku Britain.

Njira yabwino ndi kuitana katswiri kuti adzatenge yekha tizidutswa tokayeza. Yotsikirapo mtengo ndi kugula phukusi loyezera pa intaneti, la mapaundi makumi ochepa, limene limabwera ndi masiki, ovololo, timatumba ndi envulopu yotumizira kulabotale. Mukasankha yachiwiriyi, chitani motere. Tulutsani ana ndi ziweto, tsekani chitseko, yalani pulasitiki pansi. Valani masiki ya FFP3, yosefa fumbi losaoneka ndi maso. Thirani madzi m'botolo lopopera, donthezeranimo sopo wotsukira mbale, ndipo nyowetsani malo ang'ono pakona. Dikirani kuti madzi alowe, kenaka ndi kampeni kakuthwa chotsani kachidutswa kokula ngati ndalama yachitsulo, mutatchera kathumba pansi pake kuti kagwere momwemo. Kachidutswako kafike mpaka pansi pa Artex, chifukwa ena anapaka watsopano pamwamba pa wakale. Tsekani kathumbako, kaikeni m'kathumba kena, lembanipo chipinda. Pamene mwachotsapo pakanipo penti. Kampeni kapukuteni ndi kansalu konyowa.

Kachidutswa kamodzi sikakwanira. Artex ankamusakaniza ndi madzi m'ndowa pamalo a ntchito, ndiye asibesitosi sanamwazike mofanana paliponse. Tengani malo awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi, ndipo chipinda chilichonse chiyezedwe pachokha. Kuchipinda chogona anapaka mwina mu 1976, kukhitchini mu 1995.

Dziwaninso chimene chili kuseri kwa Artex. Nthawi zambiri ndi plasterboard, mabodi a pulasitala okutidwa ndi pepala. M'nyumba zakale kwambiri ndi timatabwa topyapyala tomatidwa laimu, m'mafulati ndi konkire. Koma m'nyumba zina, makamaka kugalaja, pafupi ndi boyila kapena pansi pa masitepe, muli mabodi otchingira moto opangidwa ndi asibesitosi wambiri, amene amawatchula kuti AIB. Amenewo ndi oopsa kwenikweni, ndipo ntchito yaikulu pa iwo ndi ya kampani ya laisensi basi. Mukakayikira, ikani zida pansi, itanani katswiri.

Zotsatira zikabwera zoti mulibe asibesitosi, palani timingato mmene mukufunira, mutavalabe masiki chifukwa fumbi lililonse ndi loipa. Zikabwera zoti alimo, kapena ngati simunayezetse, tsatirani zili m'munsizi ndipo chopalira chisayandikire.

Kodi siling'iyo ingasenze pulasitala?

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimawonongekera. Pulasitala amagwira pa penti, penti amagwira pa Artex, Artex amagwira pa bodi. Chimodzi mwa zitatuzi chikakhala chofooka, zonse zimagwa pamodzi. Komanso Artex amafewa akanyowa, ndipo pulasitala amabwera ndi madzi ndi kulemera. Zimachitika kuti mmisiri wamaliza bwinobwino, wapita kukatsuka zida, pobwera apeza pakati patupa chithuza, kenaka chigamba chonse n'kugwa pansi.

Kwerani pa makwerero, gogodani pang'onopang'ono ndi msana wa chala malo osiyanasiyana. Pamene pakumveka phwaphwa kapena pakusuntha mukakankha, pamenepo pamatuka kale. Yang'anani mabanga achikasu, chizindikiro chakuti madzi anadonthapo kuchokera kubafa kapena kudenga. Konzani kudonthako kaye. Kenaka ikani siponji yonyowa pamalo amodzi kwa mphindi zingapo. Ngati Artex wafewa msanga n'kuyamba kumatuka, kapena pansi pake pakuoneka penti wakale woyoyoka ngati choko, siling'i imeneyo siyoyenera kumatapo.

Mwayesa zonsezi, njira zilipo zinayi. Mukhoza kuisiya n'kungopaka penti, ndipo ndikunena moona kuti m'zipinda zambiri imeneyi ndiyo yanzeru. Mukhoza kumata pulasitala, ngati siling'i ili yolimba ndipo maluwa ake si akuya. Mukhoza kukhoma mabodi atsopano pansi pake, ngati ili ndi ming'alu yambiri kapena timinga titalitali. Kapena kuichotseratu, ntchito imene ndikulangiza kuti muipereke kwa kampani yodziwa za asibesitosi. Malamulo a asibesitosi a mu 2012 safuna laisensi pa ntchito zambiri za Artex, koma amafuna kuti wogwira ntchito yolipidwa akhale wophunzitsidwa, ndipo kuchotsa malo aakulu kumafunika kudziwitsa akuluakulu oyang'anira ntchito isanayambe. Inu amene mumagwira maganyu a zomangamanga, bwana akakupatsani chopalira n'kukulozerani siling'i yakale, muli ndi ufulu wofunsa lipoti la kulabotale.

Kukonza chipinda ndi kudzikonza nokha

Tulutsani katundu yense, makatani omwe. Kapeti ikutidwe ndi pulasitiki yochindikala, yomatidwa ndi tepi m'mbali monse, osati nsalu zakale, chifukwa nsalu imasunga fumbi. Zimitsani magetsi a chipindacho pa bokosi lalikulu, osati pa switchi yokha. Masulani chotchingira babu mosamala, mutanyowetsa mozungulira, ndipo nsonga za mawaya zitsekedwe bwino. Ngati za magetsi simuzidziwa, itanani wodziwa.

Masiki ikhale ya FFP3, kapena ya labala yokhala ndi zosefera za P3. Timasiki tabuluu tija ta nthawi ya Covid sitithandiza chilichonse pano. Abambo, metani ndevu tsiku limenelo. Masiki imagwira ntchito pokhapokha itakakamira pakhungu, ndipo ndevu ngakhale za masiku awiri zimatsegula mpata m'mbali. Valani ovololo yotaya ya Type 5 yokhala ndi chipewa chake, ndi majombo opanda zingwe kuti musavutike kuwapukuta.

Pukutani siling'i ndi siponji yonyowa ndi sopo wochotsa mafuta, modekha, osakhula. Kukhitchini ndi m'chipinda chimene munkakhala wosuta fodya mubwereze kawiri, chifukwa pulasitala sagwira pa mafuta. Isiyeni iume.

Chomatira

Amisiri akale amagwiritsa ntchito guluu wa PVA: kupaka koyamba wosungunula ndi madzi ambiri, kusiya kuti aume, kupakanso wolimbirapo, n'kuyamba kumata akadali wonanda. Zimatheka, koma pa Artex wopakidwa penti wonyezimira ine ndimakonda zomatira zokhala ndi timchenga, monga Thistle Bond-it kapena Blue Grit. Zimapakidwa ndi rola, zimasiya pamwamba pokhakhala pamene pulasitala amagwira bwino, ndipo sizinyowetsa Artex pa nthawi imene akusenza katundu. Zili ndi mtundu wake, ndiye mumaona pamene mwadumpha. Takasani ndowa kawirikawiri chifukwa timchengato timakhala pansi. Lowetsani m'maenje onse, ndi burashi m'makona. Dikirani kuti ziumiretu monga alembera pa ndowa, kawirikawiri mpaka mawa lake. Pa ming'alu ing'onoing'ono matanipo tepi ya ukonde imene amati scrim.

Kumata

Amene tinazolowera pulasitala wa simenti ndi mchenga kwathu tiyenera kusintha maganizo. Wa simenti uja amadikira, mukhoza kupuma n'kumwa madzi. Uyu wa gypsum sadikira munthu. Kuchokera posakaniza mpaka kuuma gwa ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka, ndipo thumba lakale, ndowa yakuda kapena chipinda chotentha zimafupikitsanso nthawiyo. Onani deti pa thumba musanagule. Ngati simunagwirepo trowel pamwamba pa mutu wanu, siling'i ya pabalaza si pophunzirira. Yambani ndi kachipinda kakang'ono, kapena lembani mmisiri, inu mukhale womusakanizira ndi kuonetsetsa kuti sakupala.

Poti timinga sitinagwetsedwe, pafunika kudzaza kaye maenje. Ngati maluwa ake ndi akuya, yambani ndi Bonding Coat, pulasitala wokhuthala amene amagwira zolimba. Mateni mochindikala mokwanira kuti trowel iziyenda pamwamba pa pulasitala, osati kugunda nsonga za Artex. Igwireni mogoneka, osaiimika. Mukamva ikukhula, onjezerani pulasitala m'malo mokanikiza. Musapitirire mamilimita 8. Ngati timinga tikufuna kuposa pamenepo, siling'iyo ndi yofuna mabodi. Akayamba kulimba, mukandeni mizere yosazama ndi chipeso cha pulasitala kuti womaliza adzagwire.

Womaliza ndi MultiFinish. Thumba la makilogalamu 25 limafuna madzi pafupifupi malita 11 ndi theka, ndipo pamalo osalala limakwana masikweya mita 10. Pa Artex limatha msanga, ndiye gulani oonjezera. Yambani kuthira madzi m'ndowa yoyera, kenaka ufa wa pulasitala pang'onopang'ono uku mukutakasa ndi makina, mpaka zikhale ngati phala lolimbirapo limene silikuyenderera pa trowel.

Imani pa thabwa lolimba lokwezedwa bwino, loti mutu wanu utsale pang'ono kugunda siling'i. Makwerero okha amachedwetsa ndipo amagwetsa. Yambirani m'mbali, kenaka muzikoka mizere italiitali kulowera kwa inu. Kumata koyamba musalimbane ndi mizere imene trowel ikusiya, chofunika ndi kukuta ponse mwachangu. Pakatha mphindi pafupifupi 20, pulasitala akalimba moti chala chikusiya chidindo koma osamatirira, dutsitsani trowel yoyera kuti mugoneke mizere ija. Sakanizani wina watsopano, wofewerapo, mumate kachiwiri mopyapyala. Kuyambira apa ntchito ndi kudikira ndi kusalaza: kudutsitsa trowel, kupuma, kudutsitsanso, ulendo uliwonse mukukanikiza kwambiri ndi kuimika trowel pang'ono. Chakumapeto wazani timadzi tochepa ndi burashi patsogolo pa trowel. Musapukute mpaka kunyezimira ngati galasi, penti sadzagwira.

Pakatuluka tizithuza, musatithamangire pulasitala akadali wofewa, mungowonjezera. Tambiri timagona tokha akamalimba. Koma chithuza chachikulu cholendewera ndiye kuti Artex wamatuka. Chiduleni chikadali chonyowa, chigwere m'thumba, osati pansi, ndipo malowo mudzawakonze zonse zitauma.

Pulasitala wonyowa amakhala wabulawuni, akauma amasanduka wapinki wotuwa. Zimatenga masiku angapo, nthawi yozizira ngakhale sabata kapena kuposa ngati munayamba ndi Bonding Coat. Tsegulani mawindo pang'ono, musayatse hita mwamphamvu. Penti woyamba akhale wa madzi, wosanyezimira, wosungunula ndi madzi pafupifupi magawo atatu pa khumi, kuti alowe m'pulasitala. Kenaka pakani kawiri monga mwa masiku onse.

Mukasankha mabodi

Plasterboard ya mamilimita 9.5 kapena 12.5 imakhomedwa ndi masikuluu ataliatali olowa m'mitanda ya pamwamba, imene nthawi zambiri imatalikirana mamilimita 400 kapena 600. Pezani mitandayo ndi makina ofufuzira kapena pokwera m'denga, osati pobowolabowola siling'i, ndipo onetsetsani pamene padutsa mawaya ndi mapaipi. Dziwani kuti sikuluu iliyonse ikuboola Artex. Bodi likakanikizidwa bwino fumbi limatsekeredwa mkati, komabe masiki ndi ovololo zisachoke. Pamene mukuyenera kuboola Artex mwachindunji, pakanipo kaye guluu wa mapepala a pakhoma kapena thovu lometera ndevu kuti fumbi limatirire pomwepo, ndipo makina aziyenda pang'onopang'ono. HSE ili ndi timapepala taulere pa intaneti totchedwa Asbestos Essentials, ndipo a26, a27 ndi a28 tikufotokoza za kuboola, kukhoma masikuluu ndi kuchotsa malo aang'ono a Artex. Mabodi akakhomedwa, matani scrim m'malumikizano ndi kumata MultiFinish kawiri.

Kuyeretsa ndi kutaya zinyalala

Musasese, ndipo hoover ya m'nyumba isalowe m'chipindamo. Tiulusi timadutsa m'sefa yake n'kumwazikira nyumba yonse, ndipo hoover yomweyo idzapitiriza kutimwaza ulendo uliwonse mukaiyatsa. Yoyenera ndi ya Class H yokha, yopangidwira fumbi loopsa. Popanda imeneyo, gwiritsani nsanza zonyowa, pukutani kamodzi, pindani, tayani m'thumba. Poperani madzi pa pulasitiki ya pansi, ipindireni mkati pang'onopang'ono. Vulani ovololo moitembenuza kuti kunja kukhale mkati. Masiki ndiyo yomaliza kuvula. Kenaka kasambeni, tsitsi lomwe.

Chilichonse chimene chili ndi zidutswa za Artex chilowe m'matumba awiri olimba, lina mkati mwa linzake, omangidwa ndi tepi ndi kulembedwa kuti muli asibesitosi. Sizipita m'bini ya pakhomo kapena mu skip, chibini chachikulu chachitsulo cha zinyalala wamba. Imbirani khonsolo ya dera lanu. Ena amadzatenga, ena amakupatsani tsiku lokasiya pamalo apadera, ndipo malamulo ndi mitengo zimasiyana khonsolo ndi khonsolo. Zinyalala za mmisiri wolipidwa ndi udindo wake, ndipo ayenera kukuonetsani pepala la kumene wakataya.

Asibesitosi akadali momwemo

Pulasitala wangomuphimba. Patapita zaka zisanu mudzafuna timagetsi tolowa m'siling'i, wamagetsi adzabwera, adzaona siling'i yosalala yooneka yatsopano, n'kuboola mabowo khumi nkhope ili chagada, wopanda masiki. Mwina adzakhala mwana wanu yemwe akukhoma chinachake. Choncho jambulani siling'i musanaimate, sungani lipoti la kulabotale pamodzi ndi mapepala a nyumba, ndipo lembani kapepala kotchula zipinda zimene zili ndi Artex pansi pa pulasitala, mukamate pafupi ndi bokosi la magetsi pamene mmisiri aliyense amayambira. Pogulitsa nyumba, muuzeni wogulayo.

Ena mukuwerenga izi mutapala kale. Lekani ntchito pomwepo, tsekani chipindacho, musasese, zovala zimene munavala zilowe m'thumba osati m'makina ochapira. Tumizani kachidutswa kulabotale, ndipo ngati asibesitosi alimo, itanani kampani yodziwa kuti idzayeretse ndi kuyeza mpweya ana asanagonemonso. Kupuma fumbi la Artex tsiku limodzi n'kosiyana kutali ndi mmisiri amene wakhala akulipuma zaka zambiri, ndipo mwayi wodwala ndi wochepa. X-ray singaonetse tiulusi timene mwapuma, koma pemphani dokotala wanu (GP) alembe m'faelo yanu tsiku, nthawi imene munakhala m'fumbimo ndi zotsatira za kulabotale. Ngati mumasuta fodya, funsani chithandizo chosiyira pa ulendo womwewo, chifukwa fodya ndi asibesitosi zikakumana m'mapapo amodzi, chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimakwera kwambiri kuposa chilichonse pachokha.